Masamba a Mapeyala ndi Magazi a Achimwene

Kwathu ku Bangwe munthu sadikira dokotala kuti amuuze chimene akudwala. Ukangogona masiku angapo, laini yonse imasanduka chipatala. Aliyense wobwera kudzazonda amakukoka chikope cham'munsi, kusuzumiramo, kenako n'kukutembenuza chikhatho ngati akusankha nsomba pamsika. Matenda amene amawapeza ndi atatu basi: kuchepa magazi, aja amatchulidwa monong'ona aja, ndi kulodzedwa.

Ine ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala, kuyang'ana magazi pa maikulosikopu. Koma kwathu ndine chitsirizira, wamkazinso, ndiye abale amandidziwa kuti "uja amatsuka mabotolo kuchipatala uja." Pa nkhani za matenda ankandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati ndingawapezere panado.

Achimwene anga aakulu ankawotcherera zitsulo ku Makata. Anayamba kutopa msanga, thupi kuchita mikwingwirima popanda wowamenya, ndipo akamatsuka mkamwa nkhama zinkatuluka magazi. Amayi a mphakati wa kutchalitchi kwathu anafika, anakoka chikope, nagamula kuti magazi achepa. Mankhwala ake ku Bangwe amadziwika: chilichonse chofiira. Kunabwera chidede, bitiruti, zakumwa za m'botolo zofiira ngati penti, koma makamaka masamba a mapeyala owiritsa mpaka madzi afiire. Mtengo wa aneba unatsala nthambi zokhazokha. Achimwene ankangomwa, poti anali munthu wosafuna kukhumudwitsa aliyense.

Nditapita kukawaona Lamlungu ndinawabaya chala kuti ndipake dontho pa kagalasi. Kabala kakang'onoko kanachedwa kusiya kutuluka magazi. Bambo aakulu, mkulu wa malemu bambo athu, amene kwa ife a ku Chigwa cha Shire mawu awo ndi omaliza, anandiyang'ana ndi diso lofiira.

"Iwe, magazi ndi ochepa kale, ukuchotsanso? Ukudziwa mapoto angati a masamba amene alowa mmenemo?"

M'mawa mwake ndinathira utoto pa kagalasiko n'kukayika pa makina. Kunena zoona ntchito yanga siyosiyana kwambiri ndi ya amayi a mphakati: nanenso ndimagamula ndi maso. Kusiyana kwake n'koti ine ndimayang'ana maselo. Khansa ya m'magazi yothamanga ili ndi mabanja awiri akuluakulu. Banja lina maselo ake amakhala aang'ono, ozungulira, osalala, ndipo limakonda ana. Banja lina maselo ake ndi aakulu, okhala ndi timadontho mkati, ndipo lili ndi mitundu yakeyake. Uyenera kudziwa mtundu wake chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Pa kagalasi ka achimwene maselo abwino anali owerengeka. Tizidutswa tothandiza magazi kuundana ndinkachita kutisaka. Panadzaza maselo osakhwima, odzaza timadontho, ndipo mu ena munali timitengo tofiirira towunjikana ngati mtolo wa nkhuni. Ndinaudziwa mtunduwo. Ndi uja umalepheretsa magazi kuundana, wopha mwachangu, komanso ndi uja umamva mankhwala kuposa anzake ngati wodwala wafika msanga. Ndinaitana dokotala wamkulu, anasuzumira, nadzuka nthawi yomweyo.

"Wodwalayu abwere lero lomwe. Asamucheke paliponse, ngakhale dzino asamuzule. Zoyeza zina titsimikiza ali pabedi."

Ndinaimbira alamu anga, akazi a achimwene. Anandiuza kuti bambo aakulu afika ndi mlendo wochokera kumudzi, ndipo atuma mwana kukagula lezala.

"Alamu, chonde, asawateme mphini! Aletseni!"

"Ine wobwera ndingawaletse bwanji, alamu? Bwerani muwauze nokha."

Minibasi ya ku Bangwe sidziwa kuti kuli imfa. Inaima pa siteji kudikira kudzadza, kondakitala akulumbira kuti watsala munthu mmodzi pomwe mipando yakumbuyo inali yopanda anthu. Ndinatsika n'kukwera njinga yamoto, koma ndinafika atamaliza kale.

Mphini zake zinali zazing'ono, zaukhondo ndithu, ntchito ya katswiri: pachifuwa, pamsana, m'mawondo. Munthu wina aliyense bwenzi atangopukuta n'kuvala malaya. Achimwene anali atanyowetsa kale chitenje cha alamu, chachiwiri chili m'njira. Mlendo uja anati magazi oipa ndi amene akutuluka. Ndipo mayi wina wa mphakati, amene anathyola masamba ambiri kuposa onse, anawomba m'manja mokondwa.

"Mwaona? Si uja mumati magazi alibe? Onsewa achokera kuti? Mapeyala agwira ntchito!"

Tsiku limenelo ndinakalipira bambo aakulu, chinthu chimene palibe mwana wa m'banja mwathu anachitapo. Ndinali ndi ukali woti ndikanatha kugwetsa nyumba. Achimwene, ali wefuwefu, anandigwira dzanja nati, "Mlongo wanga, usawanyoze, akungofuna kuthandiza." Mawu amenewo amandipwetekabe kuposa china chilichonse.

Aneba a mtengo uja anatitenga pa galimoto yawo. Kuchipatala anawaika magazi, nayamba mankhwala. Koma magazi anali atayamba kale kutayikira m'mutu, ndipo sabata isanathe achimwene anatisiya. Dokotala anandiuza kuti mphini zokha sizinawaphe, matendawo anali atadya nthawi yaitali. Nthawi imeneyo inathera m'mapoto a masamba, ndipo ine ndinadziwa zimenezo popanda kuuzidwa.

Pamaliro akatswiri a ku Bangwe anapitiriza ntchito yawo. Ena anati masamba anasiyidwa msanga. Azakhali a ku Ndirande ananong'ona za matenda aja, akuyang'ana alamu. Wina anakumbutsa anthu kuti zonse zinaipa tsiku limene ine ndinatenga magazi pa kagalasi. Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsa dzina la matendawo, ngakhale pa malirowo ndinali ine ndekha amene ndinaona matendawo ndi maso.

Kagalasi kaja kali m'bokosi lophunzitsira ophunzira a labu, poti mtolo wa nkhuni uja umaoneka bwino kuposa pa tina tonse. Chaka chilichonse wina amasuzumira n'kufuula, "Madamu, aka ndiye n'kokongola!" Ndimavomera kuti n'kokongoladi. Kenako ndimawauza kuti tsiku limene adzaone zimenezi asadzamalize ngakhale tiyi, adzathamange kukafunsa kumene wodwalayo ali, komanso amene ali naye m'chipinda. Sindiwauza kuti magaziwo ndi a ndani.