Ndevu za Bouchaib

Bungwe lina la odumpha m'ndege ndi parachuti, kumunsi kwa mapiri a Atlas, linalengeza kuti zisoti zosiya nkhope poyera zathetsedwa, ndipo aliyense alandira chophimba nkhope yonse mwezi usanathe.

Bouchaib, mphunzitsi wa odumphawo, anali ataweta ndevu chikwatirireni. Mumlengalenga zinkakupiza ngati mbendera. Atayesa chisoti chatsopanocho, chobwereka kwa mlendo, ndevu zinakana kulowamo.

"Sankhani, achimwene," anaseka Lahcen woyendetsa ndege. "Ntchito kapena chitsambacho?"

Bouchaib anapita kwa wometa. Atafika kunyumba, mkazi wake anamuyang'anitsitsa. "Mukufuna ndani, bambo? Amuna anga achokapo."

Papita zaka ziwiri. Zisotizo sizinafikebe, ndipo Bouchaib amadumpha ndi chakale chija, chibwano chili pamphepo.