Mano a Dobrivoje Analibe Banga

Dobrivoje ankaliza lipenga m'maukwati ndi m'maliro a m'chigwa chathu chonse, ine ndikumuimbira ng'oma pambuyo pake kwa zaka makumi awiri. Koma chomwe ankanyadira kwenikweni sichinali lipengalo, anali mano ake. Oyera mbee, popanda lobowoka ndi limodzi lomwe. Mswachi ankati ndi wa anthu a mumzinda wa Belgrade osowa chochita. Iye m'mawa uliwonse ankachukucha m'kamwa ndi rakija, kachasu wathu uja, kenako n'kumeza, poti mankhwala satayidwa.

Magazi otsala pakamwa pa lipenga tinkawaona tonse. Za fungo, funsani ife oimirira naye pafupi. Mkazi wake Zorka atamuuza kuti akaonane ndi dokotala, anangomuseka.

"Ndipite chikundipweteka n'chiyani? Iwe unapita uja, si ndiwe mano ako amagona m'kapu?"

Atangopitirira zaka makumi asanu zakubadwa, mano akutsogolo anayamba kutalika ngati a bulu, kenako kugwedera. Woliza lipenga amatsamiritsa milomo pa mano amenewo, ndipo akagwedera ntchito yathera pomwepo. Apa n'kuti kutatsala mwezi umodzi kuti mwana wake mmodzi yekhayo, Biljana, akwatiwe, mkuluyu atalumbira pamaso pa abale a mkamwini kuti mwana wakeyo adzamutulutsa m'nyumba ndi lipenga lake iye mwini.

Ndinamuperekeza ku tauni. Dokotala wake, mtsikana wa msinkhu wa Biljana, anamujambula m'kamwa n'kutionetsa chithunzi.

"Mano anu ndi okongola, bambo, koma fupa lomwe anamerapo linadyeka kalekale. Pano akungogwiridwa ndi nkhama."

"Koma sanandipwetekepo ndi tsiku limodzi lomwe."

"Matenda ake amadya mwakachetechete choncho."

"Ndiye zulani, mukhomemo achitsulo aja."

"Ndikhome pati, bambo? Msomali saukhoma m'phala."

Pobwerera anandiuza kuti kamtsikanako kanagula satifiketi, ndipo anakaniratu zoti tiitane woliza wina.

Tsiku la ukwati anthu anadzaza pabwalo. Biljana ataima pakhomo, Dobrivoje anakweza lipenga, n'kufufuma masaya. Munangotuluka mpweya ndi malovu ofiira. Anayesanso kachiwiri, abale a mkamwini n'kuyamba kuyang'ana nsapato zawo. Ndinkayembekeza kuti ndiseka, koma chinandigwira ndi chisoni.

"Basi, bambo," anatero Biljana chapansipansi. "Ingondigwirani dzanja."

Mwanayo anatuluka pakhomo pa bambo ake ndi ng'oma yanga yokha.