Maluwa m'beseni la mayi

Mpaka lero ndikaona maluwa atabzalidwa m'beseni lobooka mtima wanga umawira, ndipo ana anga amadziwa kuti pakhomo panga zimenezo sizichitika. Amati ndine nkhalamba yovuta. Anene zimenezo, poti nyumba ija ya ku Cuamba sanaione, pepala lake sanalimve likuwerengedwa.

Bambo anga anagwira ntchito ya njanji mpaka msana unapindika. Ankasenza mitanda, kumanga mabawuti, kulambula udzu, ndipo kukamabwera akuluakulu ankapaka njereza miyala ya pa siteshoni. Atakalamba anawapatsa nyumba pamzere wa anthu opuma ntchito, kuseri kwa siteshoniyo. Nyumbazo zinali zofanana zonse: zipinda ziwiri, malata, khoma loyera ndi kabwalo kutsogolo. Ine ndinkakhala nawo pamodzi ndi mwana wanga wamkazi woyamwa, chifukwa mwamuna wanga anawoloka malire pa Entre Lagos kuthawa kulembedwa usilikali, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindinamvenso za iye.

Nyumbayo inabwera ndi pepala. Anatiwerengera ndi bambo a nyumba yoyandikana nafe, amene kale anali kalaliki wogulitsa matikiti. Nkhuku ayi. Nkhokwe ayi. Kukumba ayi. Mtondo usaoneke kutsogolo. Pabwalo pasakhale chinthu china koma maluwa obzala m'chiwiya. Wophwanya lamulo amchenjeza kawiri, kachitatu atuluke. Panalinso mzere wina woti mwini nyumba akachokapo kupitirira mwezi, nyumba ibwerera kwa eni ake. Bambo anadinda chala akumwetulira. Munthu wagona m'misasa ya m'mbali mwa njanji moyo wake wonse, ungamuopseze ndi nkhani ya nkhuku?

Mayi anakhala m'nyumbamo nyengo imodzi yokha ya mvula. Anapita kwawo ku Ngauma kukadwazika mng'ono wawo, nkhondo ili pafupi kufika kumeneko. Wodwala uja anachira, mayi ndiwo anagwidwa ndi nthenda, namwalira. Uthenga unatipeza patapita milungu. Msewu wa ku Mandimba unali wokwiriridwa mabomba, ndipo magalimoto ankayenda pa koluna basi, mdipiti woperekezedwa ndi asilikali, wokwera akhale ndi chikalata. Uthengawo unatinso maliro atangoikidwa, asilikali anasamutsa mudzi wonse kukautsekera m'mpanda wa waya. Manda anasiyidwa opanda kanthu pamwamba.

Kwathu munthu akamwalira, amatenga chiwiya chake chimene ankachikonda, kuchiboola pansi ndi kuchivundikira pamtumbira. Amatero kuti zake zimutsatire, ndi kuti wamoyo asachigwiritsenso ntchito. Mayi anali ndi beseni loyera la mkombero wobiriwira, limene anapita nalo ku Ngauma. Mayi aang'ono, posowa chochita, analitumiza kwa ife ndi woyendetsa lole wina. Beseni linafika, mwini wake ayi.

Bambo sanalire pamaso panga. Anatenga msomali wa njanji ndi hamala, naboola beseni lija malo atatu. Analivundikira pakona ya bwalo, nalizunguliza miyala imene anakatola okha, naipaka njereza monga ankachitira pa siteshoni. "Likhale apa mpaka msewu utseguke," anatero. M'mawa uliwonse ankasesa pamenepo asanasukusule, nthawi zina akuyankhula motsitsa. Panali paukhondo kuposa bwalo lina lililonse pamzerewo, ndipo zimenezi ndikhoza kulumbira.

Tsopano mkazi wa kalaliki uja. Anali munthu wakuda ngati ine, wobadwira ku Etatara kumene anthu amalima ndi khasu ngati kwina kulikonse, koma sankayankha ukapanda kumuitana kuti Dona. Bwalo lake linali chionetsero: zitini zopaka utoto wofiira zodzaza maluwa, mabotolo a vinyo ozika chadodolido m'mbali mwa kanjira, ndi kafano ka woyera wina m'kabokosi ka galasi. Mabotolo ndi kafano sizinali m'pepala, koma palibe anazifunsa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo a Dona anali pamkhate, popeza ndiwo ankasokera madiresi mkazi wa fisikali, mzungu amene ankayendera nyumbazo pa njinga.

Anayamba ndi ine, ndikuyanika matewera.

"Iwe, n'chiyani icho ayika bambo ako?"

"Ndi beseni la mayi, a Dona."

"Beseni? Ukuyesa ndinabadwira ku Lisboa? Amene aja ndi manda. Ndizitsegula chitseko m'mawa ndizionana ndi manda? Alendo anga aziti chiyani, kuti tikukhala kumudzi?"

Ndinawauza kuti mulibe munthu pansi pake, kuti bambo sanakumbe ngakhale chikhatho chimodzi. Anapotoza mlomo nalowa m'nyumba. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti mayi amene uja ankadziwa bwinobwino tanthauzo la beseni lovundikira. Mzungu akanadutsa osaona kanthu. Anafunika munthu wathu womwe kuti akamumasulire.

Fisikali anabwera Lachiwiri lotsatira, natsamiritsa njinga pakhoma lathu loyera. Analoza beseni ndi nsapato. Bambo anavula chipewa, nafotokoza m'Chipwitikizi chawo cha pa njanji kuti mkazi wawo anamwalira kutali. Iye anagwedeza mutu ngati wamva chisoni, kenako anatulutsa kabuku nalemba chenjezo loyamba. Anati pano si pamudzi, pano ndi pa anthu otukuka.

Bambo sanachotse kanthu. Anangowonjeza njereza.

Milungu iwiri itadutsa, a Dona anapita ndi nkhani ina. Anakanena kuti miyala yoyera yozungulira ikhoza kukhala chizindikiro cha anyamata a m'tchire omenyana ndi boma, kuti adziwe nyumba yoti afikire. Taonani ufiti wake! Masiku amenewo mawu otere ankapha munthu. Anthu ankatengedwa chifukwa cha zochepa kuposa apo, wobwerako n'kubwera zikhatho zitatupa ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja, ena osabwerako n'komwe. Fisikali mwiniyo sanakhulupirire, ndinamuona akubisa kuseka, koma chenjezo lachiwiri analemba. Anati abweranso Lachisanu, ndipo akadzapeza chinthucho, adzalanda makiyi.

Madzulo amenewo ndinakangana ndi bambo koyamba m'moyo wanga.

"Bambo, lilowetseni m'nyumba. Muliike kunsi kwa bedi lanu, palibe adzalione."

"Mayi ako akhale kunsi kwa bedi ngati nsapato?"

"Nanga ife tikagona kuti? Mwanayu ndipita naye kuti? Ku Ngauma kuli waya, kwa apongozi sindikudziwa ngati kuli munthu."

"Ndinawapakira miyala anthu amenewa mpaka tsitsi langa linayera ngati miyalayo. Lero ndapaka isanu ndi umodzi ya mkazi wanga, yakhala mlandu?"

Ankanena zoona. Koma zoona sizifunda, ndipo mvula inali pafupi. Ndinakwiyira a Dona, ndinakwiyira fisikali, ndinakwiyiranso bambo, kuti iwo akuganiza za wakufa pamene ine ndabereka wamoyo kumsana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaganiza kuti nkhaniyi ndiithetsa ndekha.

Lachisanu m'mawa bambo atasesa anapita kukakhala pa siteshoni ndi anzawo, monga ankachitira sitima ikamayembekezeka. Ndikuganiza kuti sanafune kuona makiyi akulandidwa. Ine ndinakumbukira mawu a pepala aja, akuti maluwa obzala m'chiwiya. Ndinakagogoda kwa a Dona.

"Ndimapempha mbewu ya maluwa, a Dona."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako nkhope yonse inawala. "Eya, tsopano wayamba kuganiza ngati munthu." Anandizulira okha tsinde la maluwa ofiira, dothi lake lili pomwepo, nandiphunzitsa kathiriridwe kake ngati sindinaonepo chomera.

Ndinagwada pakona paja ndi kugadamitsa beseni la mayi. Pansi pake panali pouma, nyerere zitamanga tinjira. Ndinathira dothi, ndinabzala, ndinathirira. Madzi anatuluka bwinobwino pa mabowo atatu aja.

Fisikali atafika anaima nagwira m'chiuno. "Bonito!" anatero, kutanthauza kuti zakongola. Anawerama, nasuzumira, nayamikira kuti taboola pansi kuti mizu isaole, nati anthu ambiri sadziwa zimenezo. Miyala ija, yomwe dzana inali chizindikiro cha nkhondo, anati ikukongoletsa, tisaichotse. Anang'amba machenjezo onse awiri ine ndikuona. Beseni lomwelo, miyala yomweyo, kona yomweyo. Kungolitembenuza basi, talowa m'gulu la otukuka.

Ndisaname, ndinasangalala. Ndinaphika ndiwo zabwino tsiku limenelo, ndikudziona wochenjera.

Bambo anabwera dzuwa lili pamutu. Anaima pakanjira nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Ndinatuluka ndikuyankhula mofulumira, kuti nyumba yapulumuka, kuti mapepala ang'ambidwa, kuti beseni likadali pamalo pake. Sanandiyang'ane.

"Maluwawa achokera kuti?"

"Kwa a Dona."

"Chiwiya cha wakufa sichigwiranso ntchito, mwana wanga. Ukudziwa." Anayang'ana beseni lija. "Mayi ako anatumikira anthu moyo wawo wonse. Lero wawadzutsa kuti asenze maluwa a mayi uyo."

Akanandimenya bwenzi zili bwino. Sanadye. M'mawa mwake sanasese, ndipo sanasesenso pamenepo. Ndinkathirira maluwa aja mobisa iwo akachoka, chifukwa akanafota fisikali akanafunsa. A Dona ankandipatsa moni wa mano onse pamwamba pa mpanda, n'kumafunsa ngati mbewu yawo yagwira. Inagwira, mwatsoka, inachita maluwa ambiri.

Sindinadziwe kuti masiku onsewo bambo ankapita ku ofesi kukapempha chikalata cha ulendo wa ku Ngauma. Anachipeza chofika pa Mandimba pokha. Tsiku la koluna anadzuka, anakhuthula dothi ndi maluwa pakati pa bwalo, anatsuka beseni ndi mchenga mpaka linayera, nalikulunga m'nsalu ya mayi. Ndinagwira mkono wawo, ndinawakumbutsa za mabomba, za mwezi umodzi wa m'pepala. Anati, "Ndikalisiya ndibwera. Nyumba wailondera bwino, pitiriza." Sananene mokalipa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kundiyamikira kapena kundilasa.

Anafika ku Mandimba amoyo, koma kupitirira apo anawakaniza. Ku Ngauma munthu wamba sankaloledwa, ndipo mudzi wa mayi unali utasanduka tchire loyendamo mfuti. Anakhala kwa msuweni wawo wina wogulitsa nsomba zouma, kudikira kuti mwina mawa, mwina sabata ya mawa. Ine kuno ndinkawerenga masiku. Ndinkayanika malaya awo pachingwe kuti anthu aziyesa alipo. Koma ungabise chiyani kwa munthu amene ntchito yake ndi kusuzumira? Mwezi utangokwana, a Dona anavala diresi lawo labwino napita kwa fisikali. Ulendo uno panalibe chenjezo. Pepala linali lomveka, nyumba ndi ya wopuma ntchito, osati ya mwana wake.

Ndinatulutsa katundu mvula ikuwaza. Ndisanafike n'komwe pamsewu, ndinacheuka ndipo ndinaona a Dona atawerama pakona paja, akutola miyala ya bambo umodziumodzi kukaika m'mbali mwa maluwa awo. Anati ingotayika pachabe, yopakidwa bwino chonchi. Ndinatula mtolo, ndinawatukwana mawu amene sindingalembe pano, m'Chinyanja ndi m'Chimakuwa chawo cha ku Etatara chimene ankanamizira kuiwala. Anamva onse. Mwamuna wawo, yemwe anatiwerengera pepala uja, anangotseka zenera.

Anandisunga ndi mayi wina wachisilamu wogulitsa makala kumsika, amene sanandifunse pepala lililonse. Kumeneko ndiko uthenga unandipeza kuti bambo amwalira ku Mandimba ndi chifuwa, nyengo yozizira. Msuweni uja, poona beseni loboola kale m'katundu wawo, anaganiza kuti nkhalamba inadzikonzeratu. Analivundikira pamanda a bambo.

Nkhondo itatha ndinapita ku Ngauma ndi mayi aang'ono. Tinayenda tsiku lathunthu m'tchire lomera pamene panali mudzi, iwo akuti mwina apa, mwina paja pamtengo uja. Mtumbira unali utaphwa kalekale, ndipo panalibe mbale, mphika kapena mwala woti utiuze. Pobwerera ndinadzera ku Mandimba. Beseni ndinalipeza, mkombero wobiriwira ukuonekabe, mabowo atatu atachita dzimbiri. Ndinaganiza zolitenga, koma ndikanapita nalo kuti? Ndinasesa mozungulira ndi manja, ndinalisiya chivundikire, ndipo ulendo uno sindinalikhudze.