Nambala 9 ya Abiti Ali

Ntchitoyo anandipezera ndi aphunzitsi anga akale, ndili khale pakhomo kwa Mponda chimalizireni Fomu 4. Kunabwera ofufuza za matenda a ana, ndipo ankafuna atsikana odziwa Chiyao oti azikakhala m'makomo ku Nkhudzi n'kumalemba zochita za amayi. Ine kudumpha, ndimvekere ndapata ya muofesi. Kalanga ine!

Anandipatsa wotchi, pensulo ndi fomu ya timabokosi. Mphindi khumi zilizonse ndinkayang'ana mayi wapakhomopo n'kulemba nambala: 1 kuphika, 2 kutunga madzi, 3 kusamala mwana, 4 kuyanika usipa pathandala, mpaka 9, kupuma ndi kusangalala. Kufunsa ayi, kuthandiza ayi. Tinkakhala awiri pakhomo limodzi, ine ndi mnzanga, osaonetsana zolemba, ndipo Loweruka a Gondwe, otiyang'anira, ankafananitsa mafomu athu.

Tsiku lina tinali kwa Abiti Ali. Kamwana kawo kanali katatsegula m'mimba masiku atatu, maso atalowa. Akukonzeka kupita nako kuchipatala, anatulukira wapampando wa amayi a chipani: aliyense kubwalo kukayeserera magule, kukubwera akuluakulu. Abiti Ali anagwada n'kuchonderera, koma osamveka. Mwana anasiyira apongozi awo osaona bwino, iwo n'kukavina mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndili chiimire pambali ndi wotchi yanga, ngati chitsa.

Nambala ya zoterezi panalibe. Ndinasiya timabokosi topanda kanthu n'kulemba m'mphepete kuti mayiyu wachita kukakamizidwa. A Gondwe atawerenga anatseka chitseko, natenga labala.

"Gule ndi chisangalalo. Lembani 9, mayi. Ndili ndi ana ine, sindifuna kukatsekeredwa."

Ndinalemba, ndi dzanja langa lomweli. Mnzanga uja anali atalemba kale 9, ndiye sabata imeneyo tinayamikiridwa kuti mafomu athu agwirizana bwino zedi.

Mwanayo anamwalira Lachiwiri. Lipoti litatuluka linati amayi a kunyanja amataya nthawi m'zosangalatsa ana akudwala. Silinanene zimene tinkaponya mu 9, kapena zimene zinafufutidwa. Mpaka lero ndikagwira lipoti ndimayamba kufunsa zimenezo, ndipo losayankha sindilikhulupirira.

Chifukwa cha lipotilo anabweretsa maphunziro a kasamalidwe ka ana, womasulira n'kukhala ine. Abiti Ali anawakhazika kutsogolo, kumsana kulibe mwana. Ndinawauza m'Chiyao, akundiyang'ana, kuti mwana akatsegula m'mimba tisamachedwe naye pakhomo.