Ankolo Sasa ndi Makoma a ku Easterhouse

Ndikukumbukira fungo la chipinda chomwe ndinkagona ndi mlongo wanga Dalitso ku Easterhouse. Linali fungo la chinyezi, ngati la thaulo loiwalika m'beseni, ndipo linkalowa m'mabulangete, m'mabuku, ngakhale m'buledi. Tinali titangochoka ku Zomba kutsatira bambo, amene ankaphunzira pa yunivesite ina kuno ku Glasgow. Ine ndinali kupulayimale, Dalitso asanayambe sukulu. Pakona pa denga pankamera chuku chakuda. Amayi ankachikwecha Loweruka, koma sabata isanathe chinkabwerera chitatambalala kuposa kale. Dalitso anayamba kutsokomola, kenako kubanika, mpaka adokotala anati ndi mphumu. Akamapuma pankamveka kalikhweru kakang'ono m'chifuwa, ndipo ine ndinkaopa kuti tsiku lina kalikhweruko kasiya.

M'nyumba yoyang'anana ndi yathu munkakhala mnzawo wa bambo wa kusukulu, munthu wa ku Kenya. Dzina lawo lenileni sinditchula, poti ali moyo ndipo ndi munthu wamkulu. Ife tinkawatcha Ankolo Sasa, chifukwa moni wawo unali womwewo: amatsegula chitseko osagogoda n'kufuula kuti "Sasa!" Amayi poyamba ankakhumudwa, ankayesa akunena kuti ndiwo zathu zasasa.

Ankolo anali woonda ngati bango, ndi jekete limodzi lokha lomwe manja ake ankalekezera pamwamba pa mfundo za dzanja. Anakulira pa esiteti ya tiyi, ndipo ankati zilembo zoyamba anaziphunzirira pa mabokosi onyamulira tiyiyo. Digiri yoyamba anaitenga ku Nairobi, anaphunzitsako kusekondale, kenako anapeza mwayi wodzapitiriza maphunziro a kayendetsedwe ka boma kuno. Bambo ankawatcha achimwene, iwo ankatcha bambo ndugu, kutanthauza m'bale. Akakhala m'khitchini mwathu ankatsutsana za Africa mpaka tiyi kuzizira, mazenera atachita thukuta. Ankolo ankakonda kunena za mlongo wawo wamng'ono amene anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba chifukwa chomwa madzi a pachithaphwi. Akafika pamenepo ankatsitsa mawu n'kumayang'ana m'kapu.

Bambo anali atapita kangapo ku ofesi ya eni nyumba. Kumeneko ankawauza kuti vuto ndi ifeyo: timaphika kwambiri, timayanika zovala m'nyumba, tizitsegula mazenera. Mazenera, mwezi wa Januwale ku Glasgow! Bambo anali munthu wofatsa, woopanso kutchuka ndi phokoso m'dziko la eni. Ankabwerako atathokoza.

Tsiku lina masana Dalitso anabanika kwambiri mpaka milomo inasintha mtundu. Amayi anathamanga naye kuchipatala, ine ndinatsala ndi Ankolo. Analowa m'chipinda chathu, anaima n'kumayang'ana khoma lija nthawi yaitali. Kenako anakolowetsa chikhadabo pansi pa pepala lomata khoma n'kuling'amba kuchokera kudenga mpaka pansi. Kuseri kwake kunali bii, konyowa, ngati munda wa bowa. Ndinayamba kulira poganiza kuti atithamangitsa m'nyumbamo. Iwo anagwada n'kundiyang'ana kumaso.

"Takondwa, usalire. Munthu akamabanika, ulemu umayamba wadikira."

Sabata imeneyo anagogoda khomo lililonse pamdadada wathu. Anthu a kumeneko sankatsegulira mlendo msanga, makamaka mlendo wakuda wa jekete lothina. Chizungu chawo ndi cha Ankolo sizinkamvana, moti chiganizo chilichonse chinkanenedwa kawiri, china katatu. Koma Ankolo sankapempha zambiri. Ankangoti, "Ndionetseni khoma lanu." Ndipo aliyense anali ndi khoma loti aonetse. Agogo ena achizungu a m'nyumba ya pansi, a Moira, omwe sanatipatsepo moni chibwerereni chathu, anawalowetsa mpaka kuchipinda n'kuwaonetsa suti ya malemu amuna awo itachita chuku m'kabati.

Tinapita tonse ku ofesi ya eni nyumba ija pa basi m'mawa wina kukugwa mvula yowaza. Aliyense ananyamula jumbo yokhala ndi chibenthu cha pepala la khoma la kwawo. Amayi anandijombetsa kusukulu, chinthu chomwe sanachitepo. Titafika, Ankolo anapempha mwaulemu kuti tonse tikhutule majumbo pa kauntala. Fungo linadzaza ofesi yonse. Mayi wa pa kauntala anatseka mphuno ndi mpango, ndipo a Moira anamuuza mokweza kuti atsegule mazenera. Anthu anaseka mpaka ena kugwira khoma.

Bwana wa pamalopo atatuluka, Ankolo analankhula. Sanakalipe. Anatchula dzina la mwana aliyense wotsokomola pamdadada wathu, mmodzimmodzi, kuyambira ndi Dalitso, ndipo akatchula dzina ankaima pang'ono ngati akudikira kuti mwanayo avomere. Ndinaona bambo anga, munthu wamanyazi uja, atasuntha n'kukaima pambali pawo. Nyengo yozizira isanathe kunabwera amisiri, ndipo ife anatisamutsira ku nyumba youma. Chifuwa cha Dalitso chinayamba kumasuka. Kwa ine nkhani inali yosavuta: padziko pali zoipa, koma pali anthu ophunzira olimba mtima, ndipo akalankhula zoipazo zimachoka.

Ankolo atamaliza maphunziro anabwerera kwawo. Ife tinatsala. Bambo anapeza ntchito yosamalira okalamba, yomwe ankati ndi ya kanthawi, ndipo anapumira pomwepo. Nkhani za Ankolo zinkatipeza pa foni ndi pa intaneti. Anaphunzitsa pa yunivesite. Anaimira pa chisankho cha aphungu n'kugwa. Anamangidwapo potsogolera anthu ofuna madzi aukhondo, ndipo bambo anaonetsa mpingo wonse chithunzi chawo ali ndi bandeji pamutu. Ulendo wachiwiri anapambana. Tsiku limenelo kwathu kunaphikidwa mpunga ndi nkhuku ngati Khirisimasi, a Moira ali pomwepo ndi ndodo yawo.

Zaka zoyamba tinkamva za mijigo ndi za atsikana obwerera kusukulu. Kenako tinamva kuti achoka chipani chawo n'kulowa cholamula. Bambo anati ndi nzeru, munthu sungathandize anthu uli kunja. Anasinthanso chipani, bambo anati ndale zili choncho. Foni zinayamba kuyankhidwa ndi mlembi, kenako osayankhidwa n'komwe. Achinyamata a kwawo atachita zionetsero, ena mwa iwo n'kuphedwa, ndinawaona Ankolo pa kanema akunena kuti amenewo ndi zigawenga zolipidwa. Mawu anali omwe aja, ofatsa, oima pang'ono pakati pa ziganizo. Bambo anati atolankhani amadula mawu a munthu, n'kupita kukatsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale.

Chaka chatha Ankolo anabwera ku Glasgow kudzalankhula kwa anthu a kwawo okhala kuno. Bambo anasita malaya kutatsala masiku. Ndinapempha tchuthi kuchipatala cha ku Govan komwe ndimagwira unamwino, n'kuwaperekeza bambo. Ankolo anawazindikira, zimenezo ndisawanamizire. Anafuula kuti "Ndugu!" n'kuwakumbatira, koma maso awo anali kale kwa wojambula zithunzi. Za Dalitso sanafunse.

Nthawi ya mafunso itakwana kunaimirira mtsikana wina, wophunzira. Anati mchimwene wake anapita ku zionetsero zija ndipo mpaka lero sanabwerere, mayi ake azungulira zipatala ndi mapolisi onse. Anapempha aphunguwo chinthu chimodzi: akatchule dzina la mnyamatayo m'nyumba ya malamulo. Analinena dzinalo kawiri, pang'onopang'ono. Ankolo anamwetulira.

"Mwana wanga, nkhani zimenezi zili ndi njira zake. Ukadzakula udzamvetsa."

Mwamuna wina wa suti anatenga chimkuzamawu m'manja mwa mtsikanayo. Ena anawomba m'manja. Ine ndinayang'ana bambo kudikira kuti asunthe, koma anali atagwira chipewa chawo pamaondo ndi manja onse awiri. Inenso sindinasunthe. Pobwerera tinakwera basi. Titawoloka mtsinje, bambo, akuyang'ana pazenera, anati, "Anenepa achimwene." Chiyambire tsiku limenelo sanawatchulenso.

Kale ndinkaganiza kuti chimene chimasowa kwathu ku Africa ndi anthu ophunzira a mtima wabwino. Koma ine ndinamuona munthu woteroyo ndi maso anga, ndinadya naye m'mbale imodzi, ndipo mlongo wanga akupuma lero chifukwa cha iye. Sanali wachinyengo. Chimenecho ndicho chimandilemera. Akanakhala tambwali chiyambire, ndikanangoti tinapusitsidwa, n'kuyembekezera wina wabwino. Tsopano sindidziwa kuti ndiyembekezere ndani. Masiku ano ndikaona wachinyamata wa maso owala akulankhula bwino pa kanema, kaya wa ku Nairobi, wa ku Lilongwe kapena wa konkuno, sindimusilira. Ndimamumvera chisoni, ngati mmene ndimamvera wodwala amene sanauzidwe zotsatira za magazi.

Mwana wanga Limbani wafika msinkhu wovota. Ndi mnyamata wokonda kutsutsa, amayankha Chichewa changa m'Chizungu cha ku Glasgow, ndipo aphunzitsi ake amati ali ndi pakamwa pa mtsogoleri. Akamanena zimenezo amayesa ndisangalala. Tsiku la chisankho anaima pakhomo, nkhope ili ngwee, n'kundifunsa mmene munthu umadziwira woti umukhulupirire. Anadikira ndithu, poti kwa iye amayi ake sasowa yankho. Ine ndinangomuuza kuti avale jekete, kunja kukuzizira.