Mbedza ya Nthenga ya Alamu Anga

Ndinabwerera kwathu ku Zemba ntchito itandithera ku migodi, imvi zitayamba kale. Sipanapite nthawi anandisankha kukhala mkulu wa mpingo, kapena chifukwa cha jekete lomwe ndinabwera nalo. Chaka chotsatira mvula inavuta. Inagwa kawiri mu Novembala, tinabzala, basi n'kudula. Chimanga chinayamba kufota chisanafike ndi m'mawondo momwe.

Anthu atatopa kuyang'ana kumwamba, maso awo anagwera alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu. Anali mkamwini wochokera kutsidya kwa malire, ku Malawi, nkhalamba yosayankhulayankhula, yomwe paunyamata inagwirako ntchito paphiri la Zomba yonyamulira azungu zikwama. Amayi ena okatola nkhuni anawaona kukamtsinje ka m'mapiri ataima pamwala, akuzunguza ndodo yaitali m'mwamba ngati akuingitsa mitambo. Kunsonga kwa chingwe chake, ati, kunali nthenga zomanga ndi ulusi wofiira.

Lamulungu lina titaweruka, akulu anzanga a mpingo anandikokera kuseri kwa tchalitchi.

"Anthu akuti alamu anu akumanga mvula," anatero wamkulu wa tonsefe. "Ndi m'bale wanu. Kafufuzeni mwakachetechete tisanawaitane."

Kunena zoona, nanenso mtima sunali m'malo. Tambala wa mlongo wanga ndinali nditamuona khosi lili lothothoka mbali imodzi, koma ndewu sanachite ndi mnzake.

Ndinawapeza alamu pakhonde akusenda mitedza yambewu yomwe inatsala.

"Alamu, mawa mukapita kumtsinje munditengeko. Ndikufuna ndiwongoleko miyendo."

Anandiyang'ana. "Akutumani?"

"Ayi."

"Chabwino. Muvale nsapato zamatayala. Zachikopa zanuzo mukathyoka nazo."

M'mawa tinapalasa njinga mpaka patsinde pa phiri, n'kuzibisa m'tchire. Kamtsinjeko kanali kataphwa, kungotsala maiwe apo ndi apo pakati pa miyala ikuluikulu. Tinakwera chokwawa, pena chogwira mizu. Chitedze chinandiyabwa m'khosi, mawondo akulira. Iwo, ondiposa ndi zaka khumi, ankangodumpha osacheuka. Ine maso anali pa thumba lawo, ndikuyembekeza kuti mutuluka nsupa.

Munatuluka timitengo titatu ta nsungwi tomwe analumikiza kukhala ndodo imodzi, chingwe choluka okha chopaka phula la njuchi kuti chiziyandama, ndi bokosi la machesi. M'bokosimo munali mbedza zing'onozing'ono zovekedwa nthenga za tambala ndi za nkhanga.

"Nyambo ili kuti?" ndinafunsa.

"Ndi yomweyi. Nsomba imayesa ndi inswa yagwera m'madzi. Ku Zomba timadzi tozizira timakhala ndi nsomba zamawanga, azungu amati tirawuti. Ankazigwira chonchi. Kuno kulibe, koma matemba nawo amapusitsika."

Anandiuza kuti ndinjute, chithunzithunzi changa chisagwere padziwe. Anazunguza ndodo kawiri, katatu, chingwe chikuuluka kumbuyo ndi kutsogolo, ndipo kanthengako kanatera pamadzi mopanda phokoso. Ndinamvetsa zomwe amayi aja anaona. Ndikanakhala patali, nanenso ndikanathawa.

Madzi anagwedezeka, ndodo inapindika. Anakoka themba lonona, lotalika ngati chikhatho changa. Analigwira ndi dzanja lonyowa, kuchotsa mbedza, kuliyang'ana pang'ono, kenaka n'kulibweza m'madzi.

Ndinadzuka pomwe ndinanjuta paja.

"Alamu, njala ili pakhomo, inu mukubweza nsomba? Mukupatsa yani?"

"Sindikupatsa munthu. Dziweli latsala ndi zochepa. Ndikazitha lero, mawa ndidzabwera kudzatani?"

Yankholo silinandikhutitse. Kwathu nsomba ikakodwa yakodwa. Anagwira zina zisanu, anasunga ziwiri zokha. Kenaka anandipatsira ndodo. Kuponya koyamba ndinakola nthambi ya mkuyu, kwachiwiri kolala yangayanga. Iwo osaseka. Anangogwira chigongono changa n'kuti, "Musamenye ngati mukukusa ng'ombe. Dikirani chingwe chiwongoke kumbuyo." Dzuwa litafika pamutu ndinamva kunjenjemera m'manja, kanthu kamoyo kakukoka kuchokera pansi pa mwala. Kanapulumuka. Koma mtima unagunda ngati wa mwana, ndipo ndinachita manyazi pokumbukira chomwe ndinadzera.

Kwa akulu a mpingo ndinapita ndi mbedza imodzi m'bokosi la machesi. Ndinafotokoza zonse, ndi za kubweza nsomba zomwe, chifukwa sindinafune kunama. Bokosilo linakhala pabenchi lotsegula, aliyense akusuzumira manja ali kumbuyo.

"Ulusi wofiirawo ngwachiyani?" anafunsa mmodzi.

"Anasomola ku juzi yakale ya mlongo wanga."

"Juzi ya akazi awo? Mwamva, anzanga?"

Wamkulu uja, pofuna kuonetsa kuti mkhristu saopa nthenga, anaitola ndi zala. Mbedza inalowa m'chala chachikulu. Tinavutika kuitulutsa, ndipo patatha masiku atatu chalacho chinatupa mpaka anakachitumbula kuchipatala. Anamwino anati ndi dzimbiri. Kumudzi palibe anamva za dzimbirizo. Anthu anayamba kusiya nkhani ndikamayandikira pachitsime, ndipo mkazi wanga anakana kuti nsomba za kuphiri zilowe mumphika mwake.

Mvula inabwera kumapeto kwa Januwale, chimanga chambiri chitapserera. Ena anati alamu aimasula chifukwa aululika. Mlandu sunazengedwe, unangozirala wokha anthu atatanganidwa ndi kubzala mbatata.

Ine ndinapitanso nawo alamu kumtsinje Loweruka lotsatira, ndikudziuza kuti ndikupitiriza kufufuza. Ndinapitanso lina. Pomatha chaka ndinali ndi ndodo yangayanga, ndipo ndinkadziwa dziwe lomwe nsomba zimadya m'mawa ndi lomwe zimadikira mthunzi wa madzulo. Tinayenda choncho zaka zinayi, nkhalamba ziwiri, mawu osachuluka.

Koma panali chinthu chimodzi. Kumtunda kwenikweni, pomwe madzi amatuluka pamng'alu wa thanthwe, alamu ankandiimitsa.

"Dikirani pano."

Ankasiya ndodo ndi thumba, n'kukwera okha. Ankakhalako nthawi yokwana kuphika nyemba zaziwisi, n'kutsika manja ali chabe, buluku louma, maso ofiira pang'ono. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Kumtundako kuli chiyani, alamu?"

"N'koterera," anatero, n'kutola ndodo yawo.

Mlongo wanga nditamufunsa anangoti amuna ake sakonda kulondoledwa. Alamu atamwalira ndinaganiza zokwerako ndekha. Ndinafika pamwala womwe ankandisiya paja, ndinayang'ana mng'aluwo, ndipo ndinaona kuti pamafunika kukwera chogwira ndi manja onse awiri. Mawondo anali atatha. Ndinakhala pansi, ndinadya chinangwa changa, n'kutsika kukaponya mbedza kumaiwe akumunsi.