Jekete Lobiriwira ku Tsangano

Kukoleji yathu ya zauphunzitsi kunali kagulu ka ophunzira omwe aphunzitsi ankati ndiwo atsogoleri a mawa. Sunkalowamo chifukwa chofuna. Ankakusankha ndi mmodzi wa omaliza maphunziro, ndipo pochoka ankakusiyira jekete lake lobiriwira la baji pamtima. Majekete anali omwewo chaka ndi chaka, ena atayera kale m'zigongono, koma eni ake ankayenda ngati koleji anachita kugula. Ntchito yawo inali kulandira alendo, kutsogolera mitsutso, ndi kuima patsogolo tikamakaomba m'manja kumsewu akuluakulu akamadutsa. Ine mwana wa ku Nsipe, wokula ndikuthamangira mabasi ndi dengu la matimati, jeketelo ndinkalifuna mpaka kulilota.

Amene anandisankha anali mnyamata wa ku Tsangano, wamtali, wosadziwa kunong'ona. Ankandikonda chifukwa tonse tinali a ku Ntcheu. "Iwe wamatimati," ankatero, "uzidya, jekete ili silifuna mafupa."

Tsiku lina kunabwera mlendo wochokera kuboma kudzatiphunzitsa za utsogoleri. Atatha anati tifunse mafunso. Zaka zimenezo, cha m'ma 1970, munthu wanzeru ankangoyang'ana nsapato zake. Koma mnzangayo anaimirira n'kufunsa kuti mtsogoleri akalakwa amamuuza ndani. M'holo munangoti zii. Mlendo uja anaseka, anayamikanso funsolo. Pasanapite nthawi kunafika galimoto masanasana, amuna ovala wamba n'kumuitana mnzanga uja ali m'kalasi. Anapita ndi malaya okha, jekete linatsala pamsomali.

Pamsonkhano wotsatira mpando wake unali utachotsedwa, ndipo dzina lake palibe analitchula. Mphunzitsi woyang'anira kaguluko anandiveka jekete lija, anzanga anaomba m'manja, ine n'kulonjeza kukhala wokhulupirika. Linkamvekabe fungo la sopo wake. Ndinkaopa kulivala, ndinkaopanso kulivula, chifukwa kulivula kukanakhala ngati ndayankhula.

Patchuthi cha nthawi yozizira ndinaganiza zokaona mayi ake. Bambo anga anandikalipira kuti ndikufuna kuwaputira zosaputa, koma ndinati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinakwera lole yokatenga mbatata ya kachewere. Mphepo ya ku Tsangano siseka ndi munthu, choncho ndinavala jekete lija mpaka kumanga mabatani onse.

Nditatsika ndinafunsa njira kwa mayi wina amene ankachokera kuchitsime. Sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana jekete. Anatula ndowa yake pansi n'kuthamanga kunditsogolera. Pomwe ndinkafika pabwalo la kwawo kwa mnzanga, azimayi a m'mudzimo anali atayamba kale kulira.

Chomwe sindinkadziwa ndi ichi. Bambo a mnzangayo anafera mumgodi ku Joni, ndipo mtembo sunabwere. Kunabwera mnzawo wa kuntchito ndi jasi lawo, ndipo umo ndi momwe mudziwo unkalandirira uthenga wa omwe afera kutali. Jekete lobiriwira aliyense anali ataliona pathupi pa mwana wawo tchuthi chapitacho. Za kutengedwa kwake anali atamva, ndipo kuyambira pamenepo ankangodikira.

Malume ake a mnyamatayo anandiyalira mphasa, nakhala pafupi nane.

"Mwamuika kuti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Pepani malume, sindinabwere ndi uthenga wa maliro ayi."

"Ndiye kuti ali moyo?"

"Sindikudziwa."

Mawu amenewo ndi amene amandiwawa mpaka lero, chifukwa anali oona ndipo sanathandize aliyense. Pamenepo mayi ake anatuluka m'nyumba. Anali aafupi, manja ali ndi dothi la kudimba, m'maso mouma. Anauza azimayi aja kuti atonthole, ndipo anatontholadi.

"Inu mwanawe, mtembo munauona?"

"Ayi, mayi."

"Alipo anauona?"

"Palibe amene ndamumva."

Ndinavula jekete, ndinagwada, n'kulipereka ndi manja awiri. Iwo anabweza manja awo kumbuyo.

"Ndinalandirapo la bambo ake. Ili ndiye ayi. Valani, kuno kumazizira. Mwini wake akabwera mudzam'patse nokha."

Anandiphikira mbatata, anakhala pomwepo mpaka nditadya. Palibe anatchula omwe anamutenga. Ankangoti anapita ndi anthu aja, n'kuyang'ana kunjira ngati kukubwera wina. Pobwerera ndinakhala pamwamba pa matumba a mbatata, ndikunjenjemera ngakhale ndinali m'jekete.

Ndinamaliza koleji, ndinasiyira wina jeketelo monga mwa mwambo, ndipo sindinamuuze kanthu. Ndinayamba kuphunzitsa cha ku Biriwiri. Mwana akakweza dzanja m'kalasi kuti afunse, ndinkayamba ndayang'ana kaye kukhomo. Pamsika ndikaona munthu wamtali wandipatsa msana, ndinkazungulira kuti ndimuone nkhope. Sindinasiye, ngakhale tsopano ndakalamba ndipo ndikudziwa kuti sindikanamuzindikiranso.

Ku Tsangano ndinkapitako mwa apo ndi apo. Malume aja anandiuza kuti abale anayesa kuwapempha mayiwo kuti aike thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo, anthu amete, mtima ukhale pansi monga anachitira ndi amuna awo. Anakana kwamtuwagalu. Ankati munthu wamoyo samulirira, ndipo amene akufuna kumeta abwere kaye ndi amene anaona mtembo.

Mayiwo anamwalira zinthu zisanasinthe m'dziko, nthawi yomwe dzina la mwana wawo linali losatchulika pagulu. Kumanda kunali anthu ambiri, ena osadziwika bwino komwe achokera. Bokosi litatsikira, mkulu wa adzukulu anafunsa monga amafunsira, ngati ana onse a malemu afika kuti ayambe kukwirira. Aliyense ankayembekeza kuti ayankha kuti inde.

Malume aja anaimirira ndi ndodo yawo. "Watsala mmodzi," anatero mokweza.

Adzukulu anaima ndi makasu m'manja. Tonse tinatembenukira kumsewu.